Palibe Pati? Funso la Chiyambi cha Zonse

Nkhani yokambidwa kwa makolo ndi achinyamata ku Mufakose, Harare

Abusa, akulu a mpingo, amayi a chigwirizano, abale athu achisilamu amene mwalemekeza kuitana kwathu, makolo nonse, ndi inu anyamata ndi atsikana amene mwadzaza mabenchi akumbuyowo: Ndaona nkhope za ku Mbare, za ku Highfield ndi za ku Kambuzuma, ndipo ena mwakwera makombi awiri kuchokera ku Mabvuku ndi ku Tafara.  Ndiyankhula m'Chichewa, chiyankhulo cha makolo athu. Ana amene chimakuvutani, sunthirani pafupi ndi agogo anu, azikunong'onezani.

Nkhani ya leroyi inabadwira pakhonde la nyumba yanga. Usiku wina magetsi atazima, tinatulutsa mipando panja. Mukudziwa mmene thambo limaonekera mababu onse a m'misewu akathima: Mlalang'amba uli mbee, kuchokera mbali ino mpaka uko. Mdzukulu wanga wamkazi, wa Fomu 3, anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, kenaka anati, "Agogo, kusukulu akuti zonsezi zinayamba ndi Big Bang. Kutchalitchi akuti Mulungu analenga. Nanga zisanayambe kunali chiyani? Ngati kunalibe kanthu, kanthu kanachokera kuti?"

Sindinamukalipire, ndipo ndikupemphani kuti wanu akadzafunsa musadzamukalipire. Safunsa anadya phula. Ndaphunzitsa sayansi zaka zambiri, ndipo ndikukuuzani kuti funso la mwanayu ndi lalikulu kuposa onse amene ndinalembapo pabolodi.

Ndili ndi mfundo zinayi. Yoyamba: tikati "palibe kanthu" timatanthauza chiyani. Yachiwiri: makolo athu ndi anzeru akale anati chiyani. Yachitatu: asayansi ayeza n'kupeza chiyani. Yachinayi: sayansi yaima pati, ndipo ine ndaima pati.

Mfundo yoyamba: tikati "palibe kanthu" timatanthauza chiyani?

Bwererani nane ku 2008. Ambiri a inu munaima pamzere kuyambira mbandakucha. Chitseko cha sitolo chikatsegulidwa, mumalowa, wogulitsa n'kungotambasula manja: "Hapana." Kunyumba mukafika, amayi akufunsa, inu n'kuyankha kuti, "Musitolo mulibe kanthu." Simunaname. Munalibe ufa, munalibe shuga, munalibe mafuta ophikira. Koma taganizani bwino. Mashelefu analimo. Fumbi linalimo. Fungo la sopo amene anatha mwezi wathawo linali likadalimo. Makoma anali chilili, denga lili pamwamba, inuyo mwaima pakati ndi thumba lanu m'manja. "Mulibe kanthu" wathu uja ankatanthauza kuti mulibe chimene tikufuna.

Mphika wa ndiwo ukatha timati mulibe kanthu, koma muli mpweya. Nanga titachotsa mpweyawo? M'zaka za m'ma 1640, Evangelista Torricelli wa ku Italy anadzaza chubu chagalasi ndi mekyule, n'kuchizondotsa m'mbale ya mekyule yemweyo. Mekyule anatsika pang'ono n'kuima, pamwamba pake n'kutsala mpata wopanda mpweya. Anthu anadabwa, chifukwa ankaphunzitsidwa kuti mpata wotere sungatheke. Komabe mumpatamo kuwala kunkadutsa. Mpatawo unali ndi utali, unali ndi mulifupi, ndipo ukanatha kuuyeza ndi chala.

Tsopano mvetserani chiyankhulo chathu, chifukwa chili ndi nzeru imene ndinaizindikira mochedwa. Tili ndi njira zitatu zonenera kuti chinthu chasowa: palibe, kulibe, mulibe. Pa, ku, mu. Palibe pati? Patebulo. Kulibe kuti? Kumsika. Mulibe muti? M'thumba. Anzathu achishona nawonso amati hapana, hakuna, hamuna. Mchewa sangatchule kusowa kwa chinthu osayamba watchula malo amene chinthucho chasowapo. Lilime lathu limakana. Limayamba layala mphasa, kenaka n'kunena kuti pamphasapo palibe munthu.

Koma mdzukulu wanga sankafunsa za mphasa yopanda munthu. Ankafunsa za kusowa kwa mphasa yeniyeniyo. Chotsani katundu, chotsani mashelefu, chotsani sitolo, chotsani msewu, chotsani Harare, chotsani dziko ndi nyenyezi zonse. Chotsani malo amene zinakhalapo. Chotsani nthawi, pasakhale dzulo kapena mawa. Tatsinzinani muyese kuganiza zimenezi. Mukuona mdima, si choncho? Koma mdimawo ndi kanthu, uli ndi poti wakhala, ndipo inu woonerera mulipo. Chotsani mdimawo, mudzichotsenso nokha. Apa mutu umaima.

Ndiye gwirani funso ili, mupite nalo kunyumba. Munthu aliyense akakuuzani kuti zinthu zinachokera popanda kanthu, kaya wavala kolala ya ubusa, kaya wavala chovala choyera cha mu labotale, mufunseni mwaulemu kuti: palibe pati? Ndibwereza: palibe pati?

Mfundo yachiwiri: makolo athu ndi anzeru akale anati chiyani?

Bambo anga, amene anabwera kuno wapansi kudzera ku Tete, ankatifotokozera nkhani ya Kaphirintiwa, phiri la ku Dzalanyama. Pachiyambi, ankatero, kunali Chauta ndi dziko louma, lopanda madzi, lopanda chamoyo. Tsiku lina mitambo inachita bii, mphezi zinang'anima, mvula n'kugwa, ndipo mwamuna ndi mkazi anatsika pamodzi ndi nyama, atanyamula khasu, lichero ndi mtondo. Thanthwe linali lofewa, mapazi awo anadinda pamenepo. Anthu, nyama ndi Chauta ankakhala mwamtendere mpaka tsiku limene munthu anapekesa moto, tchire n'kuyaka, nyama n'kuthawa, Chauta n'kukwera kumwamba pa ulusi wa kangaude.

Onani bwino pamene nkhaniyi yayambira. Dziko lilipo kale, louma chabe. Chauta alipo kale. Makolo athu sanayambire popanda kanthu, ndipo ine sindikuona ngati anaperewera nzeru. Anadziwa kuti woumba mbiya amafuna dothi, ndiponso kuti utsi sufuka popanda moto. Chilichonse chili ndi kwawo. Ife amene tili muholo muno tikuidziwa mfundo imeneyi ndi mtima. Zaka zambiri zitupa zathu zinali ndi chilembo chotiyesa alendo, ndipo tinkaonedwa ngati anthu ongophuka m'makomboni a m'migodi ndi m'mafamu, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anazindikira kuti obadwira kuno ndi nzika. Koma funsani nkhalamba iliyonse pano, ikutchulirani mudzi, mfumu ndi mtsinje: Dedza, Ntcheu, Mangochi, Angonia, Katete. Ngakhale amene ankatchedwa machona anali ndi kumene anachokera.

Kutali pakati pa Agiriki, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, Parmenides anaphunzitsa zofanana ndi zimenezi: chopanda kanthu sichingabale kanthu. Iye anafika poti chimene chilipo sichinayambe n'komwe, chakhala chilipo.

Chiphunzitso chakuti Mulungu analenga popanda chopangira chilichonse chinabwera ngati yankho lina. Akhristu, Ayuda ndi Asilamu amachigwira. Mmodzi mwa amene anachiganizira mozama anali wa mu Africa momwe muno, Augustine, amene anabadwa mu 354 ku Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria. Anthu ankamufunsa funso la mdzukulu wanga lomweli, kuti Mulungu ankachita chiyani asanalenge. Iye anayankha kuti nthawi nayonso ndi cholengedwa, choncho mawu akuti "asanalenge" alibe poponda. Sungani yankho limeneli, tikumananso nalo m'kamwa mwa asayansi. Abale athu achisilamu ali ndi al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, yemwe anatsutsana ndi anzeru onena kuti dziko lilibe chiyambi. Ndipo mu 1714 Gottfried Leibniz wa ku Germany analifinya funsoli n'kukhala lalifupi: chifukwa chiyani pali zinthu, pamene kusakhalapo kwa chilichonse kukanakhala kosavuta?

Komabe zindikirani kuti ngakhale chiphunzitso cha kulenga sichikuyambira popanda kanthu kotheratu. Chikuyambira pa Mlengi. Chimene chikusowa ndi dothi, koma Namalenga alipo.

Mfundo yachitatu: asayansi ayeza n'kupeza chiyani?

Anyamata ena amaganiza kuti Big Bang anaipeka anthu odana ndi Mulungu. Ayi. Mmodzi mwa amene anayamba kuwerengetsa masamu ake anali wansembe wa Katolika wa ku Belgium, Georges Lemaître. Mu 1927 anatenga masamu a Albert Einstein n'kuonetsa kuti thambo lonse likufutukuka. Mu 1929 Edwin Hubble, poyang'ana ndi makina oonera kutali a pa Mount Wilson ku California, anasonyeza kuti milalang'amba ina ikutitalikira, ndipo yakutali kwambiri ndiyo ikuthawa mwaliwiro kwambiri.

Amayi ophika mandasi andithandize apa. Mukakanda ufa wothira yisiti n'kuufunditsa pamalo ofunda, umafufuma. Mutamwaza nthangala za chitowe mumtandamo, nthangala iliyonse ingaone zinzake zikuitalikira, ndipo yakutali ingatalikire msanga, chifukwa pakati pawo pali mtanda wambiri wofufuma. Nthangalazo sizikuyenda. Mtanda ndiwo ukukula. Thambo likuchita chimodzimodzi: malo enieniwo ndi amene akufufuma. Tsono bwezani nthawi m'mbuyo. Dzulo mtanda unali wochepa, dzana wochepa koposa. Mukabwerera zaka pafupifupi 13.8 biliyoni, zonse zimene tikuziona zinali zothinana ndi zotentha mosaneneka.

Dzina loti Big Bang linachokera kwa Fred Hoyle, amene ankatsutsa ganizoli, poyankhula pawailesi ya BBC mu 1949. Dzinali limasokoneza, chifukwa munthu amaganiza za bomba lophulika pakati pa bwalo. Kunalibe bwalo. Bwalolo ndi limene linkafutukuka.

Mwina mukuti, umboni uli kuti? Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndiye tiyeni timve kwa amene anamva okha. Mu 1964, Arno Penzias ndi Robert Wilson ankagwira ntchito ndi mlongoti waukulu wooneka ngati lipenga ku Holmdel, New Jersey. Mlongotiwo unkangomva kaphokoso kosalekeza, usana ndi usiku, kulikonse kumene aulozetsa. Anaganiza kuti makina awonongeka. Anapeza nkhunda zitamanga chisa m'katimo, anazichotsa, anakolopa zitosi zonse. Kaphokoso kali pompo. Kenaka zinadziwika kuti akumva kutentha kotsalira kwa chiyambi, kuwala kumene kunamasuka thambo lili ndi zaka pafupifupi 380,000, ndipo kwazizira mpaka kufika madigiri 270 kunsi kwa ziro. Zili ngati kufika pamalo m'mawa, kupisa dzanja m'phulusa n'kumva kufunda: moto sunauone, koma ukudziwa kuti panali moto. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1978. Amene munali ndi TV zakale za mlongoti wa padenga mukukumbukira timadontho toyera ndi takuda tophethiraphethira pulogalamu ikatha usiku. Kagawo kakang'ono ka timadontho timeneto kankachokera ku kuwala komweku. Chiyambi cha thambo chinkalowa m'nyumba za ku Mufakose ife osadziwa.

Umboni wina ndi uwu. Masamu amanena kuti m'mphindi zochepa zoyambirira munapangika haidrojeni ndi hiliyamu, ndipo hiliyamuyo ayenera kukhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi tikayeza kulemera. Atayeza m'nyenyezi zakale ndi m'mitambo ya mpweya ya kuthambo anapeza zomwezo. Pafupifupi zina zonse, monga chitsulo cha m'magazi anu ndi laimu wa m'mafupa anu, zinaphikidwa pambuyo pake m'kati mwa nyenyezi zimene zinafa dzuwa lathu lisanabadwe.

Izi n'zoyezedwa, ndipo ndikufuna makolo muzilandire popanda mantha. Koma onani: zonse ndanenazi zikufotokoza mmene mtanda unafufumira. Sizinanene kumene ufa unachokera. Ndibwereza, chifukwa apa ndi pamene ambiri amapunthwa: Big Bang ikufotokoza mmene mtanda unafufumira, osati kumene ufa unachokera.

Mfundo yachinayi: sayansi yaima pati, ndipo ine ndaima pati?

Ife a ku Zimbabwe timawadziwa maziro. Pandalama yathu anachotsapo atatu mu 2006, khumi mu 2008, ndi 12 mu 2009, onse pamodzi 25. Tinagwirapo m'manja pepala la 100 thililiyoni, lokhala ndi maziro 14. Tsono lembani ziro, ikani kadontho, lembani maziro 43, kenaka 5. Kameneko ndi kachigawo ka sekondi kamene asayansi amakatcha nthawi ya Planck. Tisanafike n'komwe pamenepo, zoyesa za m'malabotale zimakhala zatithera, timangotsogozedwa ndi masamu. Tikafika pamenepo, masamu a Einstein nawonso amagwa, chifukwa sagwirizana ndi malamulo a tinthu ting'onoting'ono otchedwa quantum. Kuseri kwa kachigawo kameneko kuli maganizo a anthu anzeru, koma kulibe muyeso.

Maganizowo ndi okoma, ndipo ndikupatsani atatu.

Loyamba likuchokera pa mpata wa Torricelli uja. Malamulo a quantum amati ngakhale mutachotsa mpweya wonse ndi kuwala konse, malo otsalawo sakhala zii. Amakhala ngati madzi a m'mphika amene atsala pang'ono kuwira, akunjenjemera. Mu 1948 Hendrik Casimir wa ku Netherlands anawerengetsa kuti timapale tiwiri tachitsulo, titayandikizana kwambiri m'malo opanda mpweya, tiyenera kukokana. Mu 1997 Steve Lamoreaux anaiyeza mphamvu imeneyi n'kuipezadi. Mu 1973 Edward Tryon anafunsa kuti, kodi thambo lonseli silingakhale kunjenjemera kumodzi kotere, kumene kunakula osazimanso?

Lachiwiri ndi la dzenje ndi mulu, fanizo limene Stephen Hawking analigwiritsapo ntchito. Mwaona oumba njerwa m'mphepete mwa tauni. Uku kuli uvuni wa njerwa, uku kuli dzenje. Mutabwezera njerwa zonse m'dzenjemo, pansi pangakhale see, ngati sipanachitike kanthu. Asayansi ena amati mphamvu ya m'zinthu zonse ndiye mulu, mphamvu yokoka imene imagwetsa bango pansi ndiye dzenje, ndipo mukaziphatikiza mwina yankho ndi ziro. Ngati zili choncho, thambo silinafune mpamba.

Lachitatu ndi la James Hartle ndi Hawking yemweyo, la mu 1983. Iwo anati mwina nthawi ilibe mpendero. Nyamukani kuno kulowera kummwera: Masvingo, Beitbridge, Johannesburg, Cape Town, nyanja, madzi oundana, mpaka pansonga ya dziko. Mukafika pamenepo n'kufunsa njira ya kummwera, palibe angakulozereni, chifukwa kulikonse mungaponde mukubwerera kumpoto. Mwina kufunsa kuti "isanayambe nthawi" kuli chimodzimodzi. Mwamumva Augustine? Patapita zaka zoposa 1,500, masamu abwerera pakhomo pake.

Mu 2012 Lawrence Krauss anasonkhanitsa maganizo otere m'buku lotchedwa A Universe from Nothing, n'kunena kuti funso la Leibniz layankhidwa. Achinyamata ena amene mumawerenga pa intaneti mwakumana nawo mawu amenewa. Tsono tulutsani funso lathu lija. Palibe pati? Madzi onjenjemera aja amafuna mphika. Dzenje ndi mulu zimafuna nthaka yokumbapo. Nsonga ya kummwera imafuna dziko lozungulira. Ndipo zonsezi zimafuna malamulo a quantum kuti akhalepo kale, akugwira ntchito. David Albert, amene anaphunzira sayansi ya fizikisi komanso amaphunzitsa nzeru za kuganiza ku Columbia University, anatsutsa bukuli pa mfundo yomweyi chaka chomwecho. George Ellis wa ku University of Cape Town, amene analemba buku limodzi ndi Hawking mu 1973, nayenso wakhala akunena kuti maganizowa safotokoza kumene malamulowo anachokera, ndiponso kuti palibe njira yowayesera. Ine ndili mbali yawo. Krauss watilowetsa musitolo ya 2008, watisonyeza kuti mashelefu opanda kanthu angathe kubala ufa okha. Chimenecho n'chodabwitsa zedi ngati chili choona. Koma sanatiuze amene anakhoma mashelefu.

Ndiye tatsala ndi njira zitatu, ndipo iliyonse ili ndi minga. Mwina zinthu zakhala zilipo mpaka kalekale, china chikubala chinzake popanda choyamba. Koma unyolo wopanda pokoleka wapachikika bwanji? Mwina zinangokhalapo popanda chifukwa; koma ndiye kuti tasiya kufunsa pamalo pamene funso lakula kwambiri. Kapena pali Wina amene kukhalapo kwake sikudalira china chilichonse, ndipo zonse zatsamira pa Iye. Koma ameneyo sitingamuike pasikelo kapena kumuona ndi makina oonera kutali.

Ine ndimayenda njira yachitatuyi. Ndimaiyenda ndi chikhulupiriro komanso ndi kuganiza, ndipo sindinganame kuti labotale ndiyo inandipatsa. Apa ndikuphunzira kwa Lemaître. Mu 1951 Papa Pius XII anayankhula ngati kuti sayansi yatsopanoyi yatsimikizira za kulenga. Lemaître, wansembe wake yemwe, sanakondwere nazo, ndipo analangiza kuti ziwirizi zisasakanizidwe. Ankadziwa kuti ukamangirira chikhulupiriro pa muyeso wa chaka chino, muyeso ukasintha chaka chamawa chikhulupiriro chigwa nawo. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Makolo anzanga, mwana wanu akabwera ndi buku la sayansi, musamuuze kuti asankhe pakati pa sukulu ndi pemphero. Mukamukakamiza kusankha, mudzataya chimodzi, ndipo mwina mudzataya mwana yemweyo. Inu achinyamata, musabwere kunyumba n'kumanyoza agogo anu ndi mutu wa buku umene simunaufunse kuti "palibe pati". Ndipo amene masamu amakukondani, gwirani zolimba. Ku Karoo, ku South Africa, kuli MeerKAT, milongoti 64 yomvetsera kuthambo, imene inatsegulidwa mu 2018. Ntchito yomvetsera kuthambo imene Penzias ndi Wilson ankaichita pakati pa zitosi za nkhunda ikuchitikira kuseri kwa Limpopo, ulendo wa basi kuchokera kuno, ndipo sindikuona chifukwa choti mwana wa ku Dzivarasekwa asakakhale nawo pamenepo.

Zonsezi ndinamufotokozera mdzukulu wanga, pang'onopang'ono, mausiku angapo. Anamvetsera mpaka kumapeto, anabwereza yekha kuti pa, ku, mu, kenaka anandiyang'ana n'kunena kuti, "Agogo, ndamva. Koma timapemphera kuti Mulungu ali kumwamba. Ameneyonso ndi ku. Ngati malo onse ndi olengedwa, Iyeyo asanalenge anali kuti?" Ndinamuuza kuti lilime lathu limayala mphasa ngakhale kwa Iye amene safuna mphasa, chifukwa tilibe mayankhulidwe ena. Anagwedeza mutu, koma ndinaona m'maso mwake kuti sanakhute. Wabwera nane lero, wakhala uko pafupi ndi zenera. Abusa, ndi inu a Shehe, funso loyamba la masana ano ndi limenelo, ndipo ndikulipereka m'manja mwanu.